Nyumba ya Zodabwitsa ya ku Zanzibar: momwe anaimangira ndi chimene chikuidya

Pa Khirisimasi ya 2020, kuno tili pa mpunga ndi nkhuku, ku Zanzibar kunamveka chiphokoso m'mbali mwa nyanja. Mbali yaikulu ya kumaso kwa nyumba yotchuka kuposa zonse pachilumbapo inali itagumuka, pamodzi ndi nsanja ya koloko imene aliyense wofika pa sitima ankayamba kuiona asanaone china chilichonse cha mumzindamo. Amisiri awiri amene ankagwira ntchito yokonza nyumbayo anafera pomwepo.

Aluya anaitcha Beit al-Ajaib, Angelezi amati House of Wonders, ife tingoti Nyumba ya Zodabwitsa. Ili pa msewu wa Mizingani, moyang'anana ndi paki ya Forodhani, pakati pa linga lakale la Ngome Kongwe ndi nyumba ina yachifumu ya Beit al-Sahel. Ndi nyumba yotetezedwa ndi lamulo, ndipo ili m'dera la Stone Town, limene bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2000. Nanga nyumba yoti maso a dziko lonse ali pa iyo imagwa bwanji? Kuti timvetse, tiyambe taona momwe nyumba wamba ya mumzindawu imamangidwira, pakuti Nyumba ya Zodabwitsa inatenga theka la kamangidwe kameneko, theka linalo n'kulikana.

Stone Town ndi mzinda wa miyala, koma si miyala imene tikuidziwa ya m'mapiri mwathu. Ndi mwala wa korali, umene Aswahili amautcha matumbawe, wopangidwa ndi tizilombo ta m'nyanja kwa zaka zosawerengeka. Mukaugwira ndi wopepuka, wokhakhala, wodzaza timabowo ngati chisa cha njuchi. Chilumba cha Unguja, pamene pali mzindawu, chakhala pamwamba pa mwala umenewu, kotero omanga sankavutika kuusaka. Ankauphwanya m'zibenthu zazikulu ngati nkhonya kapena mutu wa munthu n'kumaziunjika m'khoma, osati mondanda bwino ngati njerwa, koma mosakaniza ndi dothi lambiri lomangira. Dothilo linali njereza, mchenga ndi dothi lofiira. Njerezayo inkachokera ku mwala womwewo: ankaunjika korali pamwamba pa mulu wa nkhuni, n'kuutentha, kenako n'kuuviika m'madzi m'dzenje kwa nthawi yaitali mpaka utasanduka phala loyera lofewa. Choncho mwala, dothi lomangira, pulasitala ndi utoto woyera wa pamwamba, zonse zinali za mtundu umodzi, ana a mimba imodzi. Khoma lotere limakhala lochindikala kwambiri, kuposa theka la mita, ndipo masana dzuwa likamaswa mtengo m'kati mumakhala mozizira.

Chimene chinkalamula kukula kwa chipinda sichinali thumba la mwini nyumba ayi, koma mtengo. M'mphepete mwa nyanja ya mchere mumamera mitengo ya mikoko, ya m'matope, yolimba komanso yosagwidwa chiswe msanga. Mapolo ake amatchedwa boriti, ndipo ankagulitsidwa mpaka ku Arabia pa zombo zoyendera mphepo. Mmisiri akafika pomanga nsanjika, ankagoneka boriti kuchokera khoma lina kufika lina, moyandikana kwambiri, mwina kutalikirana chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Pamwamba pake ankayala timiyala ta korali, n'kuthirapo njereza yochindikala, n'kutsendera. Pamenepo denga la chipinda chapansi latha, ndipo lomwelo ndi pansi pa chipinda chapamwamba. Mukagona chagada m'chipinda chotere mumaona mizere ya mitengo yakuda pa njereza yoyera, ina yokhotakhota pang'ono, pakuti sanaipale kuti iwongoke.

Koma boriti wabwino satalika kwenikweni. Akapitirira mamita atatu amayamba kuwerama ndi katundu wolemera chonchija. N'chifukwa chake zipinda za ku Stone Town, ngakhale za anthu olemera, ndi zazitali koma zopapatiza. Munthu ankatha kukhala ndi minda ya karafuu (zonunkhiritsa chakudya zimene Angelezi amati cloves) yosaoneka malire, koma chipinda chake m'lifupi chinali chimodzimodzi ndi cha mnansi wake wa kagolosale. Wofuna malo ambiri ankangowonjezera zipinda kapena kusanja m'mwamba.

Chinanso n'choti nyumba zimenezi zimayang'ana m'kati. Kunja mumangoona khoma losalala ndi mawindo ang'onoang'ono, koma m'kati muli bwalo lotseguka kumwamba lolowetsa kuwala ndi mphepo, kumene amayi ndi ana ankakhala osaonedwa ndi odutsa. Mlendo wamwamuna ankachezera panja pa baraza, mpando wa mwala womangidwa m'mbali mwa khomo. Ulemerero wonse wa mwini nyumba unkaonekera pa chinthu chimodzi: chitseko chosema. Zitseko za kalembedwe ka ku Oman zili ndi mafelemu a makona anayi, zosemedwa maluwa, unyolo, mafunde ndi mawu a m'Korani pamwamba. Za kalembedwe ka ku India ndi zozungulira pamwamba ndipo zili ndi timitu ta mkuwa tosongoka. Anthu amati ku India timituti tinkaletsa njovu zankhondo kugumula chitseko ndi mutu. Ku Zanzibar tinangokhala tokongoletsa.

Tsono munthu amene anatembenuza zonsezi ndi Sultan Barghash bin Said, yemwe analamulira kuyambira 1870 mpaka 1888. Bambo ake, Said bin Sultan, ndi amene anasamutsa likulu lawo kuchoka ku Muscat, m'dziko la Oman, kubwera ku Zanzibar. Barghash ali mnyamata anayesa kulanda mpando kwa mkulu wake Majid, zinakanika, ndipo anakakhala ku Bombay, m'dziko la India, ngati wothamangitsidwa. Kumeneko anaona nyumba zikuluzikulu za makonde ndi nsanamira zachitsulo. Mu 1875, ali kale pampando, anakacheza ku Britain ndi maiko ena. Anabwerako ndi njala ya zinthu zatsopano. Ndi iye anabweretsa madzi a m'mipope mumzindamo, anamangitsa malo osambira a Hamamni, ndi nyumba zachifumu zingapo kunja kwa mzinda.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa nkhaniyi ikutikhudza. Chuma chimene chinamanga Stone Town chinachokera ku karafuu, minyanga ya njovu ndi malonda a anthu. Ena mwa anthu amene ankagulitsidwa pa msika wa ku Zanzibar, kapena kulima m'minda ya karafuu, anachokera kuno kwathu. Ankawolotsedwa nyanja pa zombo za a Jumbe ku Nkhotakota, n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa, doko la pa gombe la Tanzania wa lero. Barghash ndi amene anasaina pangano la 1873 lotseka msika wa akapolo, ndipo amene anamupanikiza kuti asaine anali John Kirk, kazembe wa Britain, yemwe uja anayenda ndi David Livingstone m'chigwa cha Shire, amene mapiri a Kirk Range anatengera dzina lake. Panganolo linatseka msika, koma ukapolo weniweniwo pachilumbapo unapitirira mpaka lamulo la 1897. Nyumba ya Zodabwitsa inamangidwa pakati pa zaka ziwirizi. Ine sinditha kusirira makonde ake osakumbukira zimenezi, ndipo ndi chifukwa chinanso chimene sindifunira kuti nyumbayi ifafanizike. Ndi umboni.

Mu 1883 Barghash anamangitsa nyumba yochitiramo miyambo ya boma ndi kulandiriramo alendo, pamalo pamene kale panali nyumba ya Mfumukazi Fatuma. Zimanenedwa kuti amene anajambula pulani yake anali injiniya wa zasitima wa ku Britain, ndipo mukaiona simutsutsa, pakuti ili ngati sitima yaikulu yokocheza pamtunda. Chatsopano chachikulu chinali chitsulo. Nsanamira zazitali zachitsulo chosungunula, zochokera kunja, zinazungulira nyumba mbali zonse zinayi, zosanjikizana nsanjika ndi nsanjika, ndipo pa izo panakhala makonde otakasuka oti munthu n'kuzungulira nyumba yonse osatuluka mumthunzi. M'kati, mitanda yachitsulo inachita zimene boriti sakanatha: zipinda zotambalala, madenga okwera kwambiri. Malire a mamita atatu aja anathera pamenepo.

Taganizani munthu amene moyo wake wonse wakhala m'tinjira topapatiza toti ngolo siingadutse, m'zipinda zoti mukatambasula manja awiri mwatsala pang'ono kukhudza makoma. Akutulukira kunyanja n'kuona chinyumba choyera, chachitali kuposa china chilichonse mumzindamo, chosabisa kanthu, makonde ake ali poyera. Usiku chikuwala ndi magetsi, nyumba yoyamba pa Zanzibar kukhala nawo. M'kati muli chikepe chokweza anthu, chimene chimatchulidwa kuti chinali choyamba kum'mawa konse kwa Africa. Pansi ndi pa miyala ya mabo yosalala yochokera ku Ulaya. Khomo lake ndi lalikulu moti mpaka lero anthu amasimba kuti Sultan ankafuna kumalowa atakwera njovu. Dzina lija silinachite kufunafuna.

Nyumba ya makolo inkabisa banja n'kuonetsa chitseko chokha. Iyi inatembenuza malaya kunja, chifukwa ntchito yake inali kuonedwa: sitima yankhondo ya Angelezi kapena ya Ajeremani ikaima padoko, ione kuti mwini dziko naye akudziwa za makono. Komabe kulakwa n'kuganiza kuti inali nyumba ya ku Ulaya yongoikidwa pa gombe la Africa. Makoma ake ndi a korali ndi njereza yomwe ija. Boriti alimo. Pakati pake pali bwalo lozunguliridwa ndi makonde a m'kati, monga nyumba ina iliyonse ya Aswahili, kungoti ili analifolera. Zitseko zake ndi zosemedwa ndi mawu a m'Korani. Ngakhale mwambo wobisa amayi sunatayidwe: panali timilatho tofolera todutsa pamwamba pa msewu, totchedwa wikio, tolumikiza nyumbayi ndi nyumba zachifumu zoyandikana nayo, Beit al-Hukm ndi Beit al-Sahel, kuti a m'banja lachifumu aziyenda osaponda pansi kapena kuonedwa. Kukongola kwake kuli pa ukwati umenewu wa mwala wa m'nyanja ndi chitsulo cha ku fakitale. Matenda akenso ali pomwepo.

Nsanja ya koloko sinalipo pachiyambi. Inabwera chifukwa cha nkhondo. Sultan Hamad bin Thuwaini atamwalira pa 25 August 1896, Khalid, mwana wa Barghash, analowa m'nyumba yachifumu n'kudzilonga ufumu, pamene Angelezi ankafuna Hamoud bin Mohammed. M'mawa wa pa 27 August sitima zawo zinayamba kuomba mizinga, ndipo pasanathe mphindi 45 zonse zinali zitatha. Anthu pafupifupi 500 a mbali ya Khalid anaphedwa kapena kuvulala. Beit al-Hukm inaphwasukiratu, Beit al-Sahel inawonongeka kwambiri, nsanja younikira sitima imene inali patsogolo inagwa, koma Nyumba ya Zodabwitsa inangokalika pang'ono. Pokonza mu 1897 ndi pamene anamanga nsanja ya koloko, yolumikizika kumaso kwa nyumbayo.

Kuchokera apo yakhala ikusintha eni ake. Mu 1911 inasanduka maofesi a boma la atsamunda. Sultan atachotsedwa pa kuukira kwa January 1964 inapita m'manja mwa chipani cholamula cha Afro-Shirazi, kenako chipani cha CCM chimene chinalowa m'malo mwake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 inatsegulidwa ngati nyumba yosungiramo mbiri ndi chikhalidwe cha Zanzibar ndi gombe la Aswahili, ndipo pabwalo lam'kati lija anaikapo mtepe, chombo cha makolo chimene matabwa ake amasokedwa ndi chingwe cha makoko a kokonati m'malo mokhomedwa ndi misomali.

Tsopano tibwere pa chimene chimadya nyumba yotere, pakuti apa ndi pamene ambiri timasochera. Timaganiza kuti nyumba yakale imagwa chifukwa chokalamba. Ayi ndithu, imagwa chifukwa cha madzi.

Khoma la korali ndi njereza limamwa madzi, koma limawatulutsanso. Mvula ikalinyowetsa, dzuwa ndi mphepo zimaliumitsa, chinyezi n'kutulukira m'timabowo ta njereza. Omanga amati khomalo limapuma. Malinga ngati denga silikudontha, ngalande za padenga zili zotseguka, ndipo chaka ndi chaka wina akupakanso njereza, khoma lotere limakhala zaka mazana. Aliyense amene anakulira m'nyumba ya zidina akudziwa chimene chimachitika mukaimata simenti kunja. Chaka choyamba imaoneka ya bwana. Pakapita nyengo ziwiri zitatu za dzinja, mukagogoda pulasitala kumunsi kwa khoma imalira ngati ng'oma, chifukwa yalekana ndi khoma. Tsiku lina chigamba chonse chimayoyoka, kumbuyo kwake mukupeza dothi lonyowa lofumbutuka. Chinyezi chinalowa, simenti inachitsekera njira yotulukira. Zomwezi ndi zimene zachitikira nyumba zambiri za ku Stone Town zimene anthu anazikonza ndi simenti ndi penti wamafuta, ali ndi mtima wabwino ndithu, poganiza kuti cholimba kwambiri ndiye chabwino.

Ku gombe kuli mdani wina amene ife a kumtunda sitimudziwa: mchere. Uli mu mphepo, uli m'madzi a pansi amene khoma limayamwa kuchokera ku maziko. Madzi akauma mcherewo umatsalira m'timabowo ta mwala, n'kuundana, n'kumakankha kuchokera m'kati mpaka mwala utasanduka ufa.

Ndiye muikemo chitsulo m'khoma lonyowa lamchere loterolo. Chitsulo chikachita dzimbiri sichingofooka chabe, chimafufuma. Dzimbiri limatenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, ndipo mphamvu yake imang'amba mwala. Mutu wa mtanda umene unalowetsedwa m'khoma umasanduka chida chogumula khoma lomwe likuunyamula. Mng'alu ukatseguka madzi ambiri amalowa, dzimbiri n'kuwonjezeka, mng'alu n'kukula. Nsanamira zachitsulo chosungunula nazo zili ndi khalidwe lake: zimasenza katundu wolemera zedi akamazitsikira molunjika, koma sizipindika. Zikakankhidwa cham'mbali zimangothyoka ngati mbale yadothi, osachenjeza. Boriti naye amawolera kumutu, kumene wabisika m'khoma, pakati pakuoneka bwinobwino. Zonsezi zimachitika kuseri kwa njereza yoyera imene alendo akuijambula zithunzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Onjezani mvula ya nyengo imene Aswahili amati masika, ya March mpaka May, imene imagwa ngati ikutsanulidwa mu ndowa, pa chidenga chachikulu chamalata ngati chimenechi. Ngalande imodzi ikatsekeka ndi zinyalala, madzi a denga lonselo amatsikira pa khoma limodzi.

Nanga lamulo loteteza lili kuti? Lilipo. Boma la Zanzibar linakhazikitsa bungwe loyang'anira Stone Town, la STCDA, mu 1985, ndipo lamulo la 1994 linalipatsa mphamvu pa dera lonselo, la nyumba pafupifupi 1,700. Nyumbazo zinaikidwa m'magulu, ndipo za gulu loyamba, monga iyi, siziloledwa kusinthidwa kunja ngakhale m'kati. Koma tiyenera kumvetsa chimene lamulo lotere limachita. Limaletsa: usagumule, usasinthe mawindo, usachotse chitseko n'kukagulitsa kunja. Silikwera padenga kukachotsa masamba mu ngalande. UNESCO nayo simanga nyumba, imalemba, imayendera, imachenjeza. Ntchito ya tsiku ndi tsiku imatsalira mwini nyumba, ndipo nyumba ya boma kawirikawiri imakhala ya aliyense, kotero palibe amene amadzuka usiku mvula ikamagwa kukaona pamene pakudontha.

Zizindikiro zinalipo. Mu 2012 ngodya ina ya makonde inagwa ndipo nyumbayo inatsekedwa kwa alendo. Mu 2014 bungwe la World Monuments Fund linaiika pa mndandanda wa malo ofunika chisamaliro chamsanga. Mu 2015 mbali ya denga inagwa. Boma la Oman, limene mbiri yake ndi yolukana ndi ya Zanzibar, linapereka ndalama zoikonzera, ndipo ntchito imeneyo inali m'kati pamene ngozi ya 2020 inachitika. Amisiri a nyumba zakale amadziwa kuti nthawi yokonza ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa nyumba yodwala imakhala itapeza njira zakezake zoimira. Khoma ili latsamira ilo, mtanda wowola wagwiriziridwa ndi pulasitala. Mukachotsa chimodzi musanachirikize bwino chinzake, katundu amasamukira pamene simukuyembekeza.

Funso limene ngoziyo inasiya ndi lovuta kuposa kupeza ndalama: nyumbayi ibwezeretsedwe motani? Njira yachidule ndi kumanga mafupa a konkire ndi zitsulo zamakono, kunja n'kuveka nkhope yakale. Pa chithunzi palibe angazindikire. Ine ndikuona kuti kutero n'kutaya chenicheni chimene tikuti tikuteteza, pakuti phindu la nyumbayi si maonekedwe okha, koma umboni wa momwe amisiri a 1883 analumikizira korali, boriti ndi chitsulo. Komanso konkire wouma gwa akalumikizidwa ndi makoma ofewa a njereza amene atsala, ziwirizi zimafutukuka ndi kunyala mosiyana, ndipo chofewacho ndi chimene chimang'ambika.

Njira inayo ndi yochedwa ndiponso yodula. Imafuna njereza yoviikidwa miyezi, osati ya m'thumba yogula lero n'kumangira mawa. Imafuna boriti, pamene kudula mikoko masiku ano kuli ndi malamulo okhwima, ndipo m'pake, chifukwa mitengoyi ndiyo imatchinga gombe ndi kusunga nsomba zazing'ono. Imafuna kuti nsanamira iliyonse yotsala iyezedwe payokha, yochiritsika ichiritsidwe, yosatheka iumbidwenso mofanana ndi yakale, ndipo mutu wa mtanda uliwonse utetezedwe ku chinyezi usanabwerere m'khoma. Koposa zonse imafuna mafundi, amisiri odziwa njereza m'manja mwawo, amene anachepa pa zaka zimene aliyense anathamangira simenti. Kuti n'zotheka umboni uli pa msewu womwewo: Old Dispensary, nyumba ya makonde osemedwa mwaluso imene inali pafupi kugwa, inakonzedwa ndi bungwe la Aga Khan Trust for Culture m'zaka za m'ma 1990, ndipo ilipo mpaka lero.

Nyumba ya Zodabwitsa ili ndi mwayi woti ikagwa dziko limamva. Kuseri kwake, m'tinjira tija, muli mazana a nyumba za korali ndi boriti zopanda dzina. Zambiri eni ake anathawa mu 1964, boma n'kuzitenga n'kulowetsamo mabanja angapo m'nyumba imodzi, banja lililonse chipinda chake, denga lopanda mwini. Zina zagulidwa n'kusanduka mahotela, mabafa atsopano akutsanulira madzi m'makoma amene sanamangidwire zimenezo. Mukamayenda m'menemo mumakumana ndi mitengo yochirikiza makoma, yoimikidwa mopingasa kanjira, ndipo ana opita ku madrasa amawerama pang'ono n'kudutsa pansi pake.